Nkhope ya pa Khoma la Bala

"Ndikuti si iyeyo!" anakuwa bambo, akumenya patebulo mpaka tiyi anatayika. "Chithunzi ndi chithunzi. Ndi utoto chabe umene uja. Kodi utoto uli ndi dzina?"

"Utoto ulibe dzina, koma anthu aupatsa langa," anayankha achemwali anga, amene amaphunzitsa pasukulu ya pulayimale yakuseri kwa msika. Anali ataima pakhomo la kuchipinda, kalata ili m'manja. "Dzulo ndikudutsa pabala paja wina anandifunsa kuti, 'Madamu, mwatsika liti pakhoma?' Ana a m'kalasi mwanga amakaima pomwepo n'kumalozerana. Ndiye nayi kalata ya komiti ya sukulu. Akuti pakutha pa masabata atatu, sukulu ikamatsegulidwa, chithunzicho chikakhala chidakalipo ndisakapondeko phazi. Akuti ndikuwononga ana."

Bambo athu ndi wolemba zikwangwani. Anthu amangowatchula kuti a Penta, ndipo palibe saluni, golosale kapena shopu ya telala m'dera lathu imene ilibe dzanja lawo. Shopu yawo ili kumaso kwa nyumba yathu, moyang'anizana ndi bala ya tsidya lina la msewu. Mwezi wathawo mwini balayo anapaka pulasitala khoma lake lonse n'kuuza bambo kuti amujambulire mkazi woitana makasitomala. Bambo anamujambuladi, wamtali kuyambira pansi mpaka kudenga, botolo m'manja, kasiketi kongofika apa, chifuwa chonse pamtunda. Thupilo analitenga m'mutu mwawo. Koma nkhope ija, mphumi yotakata, maso ogona ndi kampata ka pakati pa mano, wosaona yekha ndi amene akanafunsa kuti ndi ya yani.

"Mwamaliza kukuwa, bambo a ana?" anafunsa mayi, amene nthawi yonseyi ankasita malaya pakona. Anaimika ayironi. "Ine dzulo ndinapita kukachiona ndekha. Mukunena zoona, si mwanayu amene uja. Ndine."

Tonse tinawatembenukira.

"Dzanja lanu limadziwa nkhope imodzi yokha. Zaka makumi atatu ndakhala ndikutsatsa sopo pagolosale, kulukidwa tsitsi pasaluni, kuyeza diresi kwa telala. Ndinkangoseka, ndimvekere mwamuna wanga amandikonda. Ine ndakalamba, nkhopeyo yandichoka yapita kwa mwanayu, koma inu simunaone kuti yasamuka. Lero mwavula ine pamsewu, manyazi n'kugwera mwana."

"Ndiye mukufuna ndizijambula chiyani? Zonga za uyu?" Bambo analoza ine ndi supuni. Ineyo ndine womaliza m'nyumba mwathu, ndipo ntchito ya utoto ndinaphunzira kwa iwo omwe, kungoti zanga ndimajambula pamatabwa m'kachipinda kakumbuyo. "Akazi ake aja, wina wakwinya nkhope, wina mapazi ong'aluka, wina akuyamwitsa uku akusinza. Ndani angaimike galimoto chifukwa cha zimenezo? Mkazi wa pachithunzi azimwetulira, aziitana anthu. Ntchito yake ndi imeneyo."

"Akazi anga ndimayamba ndawapempha, bambo," ndinatero. "Ndipo akadziona sabisa nkhope."

"Iwe chitsiriza, burashi ndinakugwiritsa ndine. Usandiphunzitse ntchito."

"Sakukuphunzitsani ntchito, akukuphunzitsani ulemu," anatero mayi. "Valani malaya awa mupite mukalankhule ndi mwini bala. Musadikire mawa, zengerezu adalinda kwawukwawu."

Akanakhala munthu wina, tikanamupitira kwawo tonse atatu n'kukamusambitsa chokweza. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wotilakwirayo anali atakhala patebulo lathu lomwe, akumwa tiyi wathu.

Masana omwewo ndinawaperekeza bambo kutsidya. Nditayandikira khomalo ndinaona chinthu chimene sichinkaoneka patali. Pachifuwa pa mkaziyo utoto unali utada ndi kusalala ngati chogwirira cha chitseko. Tili chiimire, wogulitsa nyama anabwera kudzalowa m'balamo, ndipo podutsa anatukula dzanja n'kusisita pomwepo, osayang'ana n'komwe. Bambo anapeza choyang'ana pansi.

"A Penta, khoma ndi langa," anatero mwini bala titamufotokozera. Anali pakhonde, akupukuta matambula. "Ntchito munamaliza, ndipo ndinakuthokozani. Chiyambire kuima apa mtsikanayu, mipando sikukwanira. Ndiye ndimuchotse chifukwa choti anthu ali ndi pakamwa? Atsikana ofanana nkhope ndi ambiri padziko pano."

"Koma ntchito ya mwana wanga ili pachiswe, bwana."

"Nanga yangayi si ntchito? Ndipo musaiwale kuti mabala anga ena awiri akudikira dzanja lanu lomweli. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, a Penta." Anaganiza pang'ono, kenako anaseka. "Chabwino, muvekeni kabulauzi kuti anthu atseke pakamwa. Inu mukudziwa kavekedwe kake."

Ponena mawu omalizawo anawatsinzinira diso bambo, ndipo ine ndinaona.

Kutacha bambo ananyamula makwerero n'kukamuveka mkaziyo bulauzi yobiriwira yofika m'khosi, siketi n'kuitsitsa mpaka m'mawondo. Achemwali anasuzumira pawindo, nati mwina a komiti amvetsa. Ine ndinawoloka msewu kukaima pafupi. Utoto wamafuta umanunkha masiku atatu, ndipo ukagwira khoma umakhala zaka. Apa panalibe fungo lililonse. Ndinanyowetsa chala n'kukhudza m'mphepete mwa siketi, chalacho n'kubwera chili biriwiri.

Bambo ndinawapeza m'shopu akutsuka maburashi.

"Bambo, mwapaka wamadzi pamwamba pa wamafuta? Inu amene munandimenya ndi rula ndili mwana chifukwa cha zomwezi?"

"Tsitsa mawu. Sukulu ikatsegulidwa anthu adzakhala ataiwala. Mwini bala wakondwa, mkulu wako wakondwa. Vuto lili pati?"

"Mitambo iyo mukuiona?"

"Usawauze mayi ako."

Sindinawauze, inawauza ndi mvula. Lachisanu masana inagwa ya mkokomo, ndipo bulauzi ija inatsetsereka n'kukathera m'ngalande. Bola ikanachoka yonse. Inatsala m'mapewa ndi m'chiuno, zigambazigamba, moti mkaziyo ankaoneka ngati wang'ambiridwa zovala. Amuna amene anausa mvula pakhonde la bala anaimba malikhweru ndi kuwomba m'manja, phokoso lake n'kulowa mpaka kuchipinda kwa achemwali.

"Mapanga awiri avumbwitsa, bambo a ana," anatero mayi ali pawindo, osatembenuka. "Mumafuna kusunga mwini bala, mumafuna kusunga mwana. Taonani, mwavumbwa."

Bambo anakalowa m'shopu n'kutseka chitseko.

Ndinawapeza achemwali akulongedza zovala m'chikwama, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndikupita kwa azakhali, kumene nkhope yanga saidziwa," anatero. "Ntchito ndinaivutikira zaka zingati iwe? Ana aja ndawaphunzitsa kuwerenga ndine. Lero makolo awo akundiona ngati woyendayenda chifukwa cha khoma."

"Mukathawa ndiye kuti mwavomera kuti wa pakhoma uja ndinu."

"Nanga nditani? Ndikafufute ndekha kuti andimangitse? Khoma ndi la eni."

"La kutsidya ndi la eni. Nanga la shopu yathu, limene layang'ana kumsewu, ndi la yani? Ndipatseni masabata awiri, achemwali. Zikakanika chikwamachi ndikunyamulirani ndine."

"Ukufuna kuchita chiyani?"

"Ntchito imene ndimaidziwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Sabata yoyamba sindinagwire burashi. Ndinkangokhala pakhomo la shopu kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, kope pamwendo, pensulo m'manja. Palibe amene ankandilabadira, poti mkazi akakhala phee amuna amayesa mpando. Aliyense wotukula dzanja pakhoma lija ndinkamuika m'kope. Wogulitsa nyama ankasisita ndi chikhatho chonse. Dalaivala wa minibasi, kamtengo ka machesi kali kukamwa, ankatsina ndi zala ziwiri n'kucheukira anzake kuti aseke. Wometa tsitsi, poti ndi wamfupi, ankachita kudumpha. Lachinayi kunabwera bambo wina wa tayi ndi magalasi, amene anayamba wayang'ana uku ndi uku asanatukule dzanja. Pensulo inatsala pang'ono kundigwa. Anali wapampando wa komiti ya sukulu, mwini siginecha ya pakalata ija.

Lolemba la sabata yachiwiri ndinatulutsa makwerero n'kuwatsamiritsa pakhoma la shopu. Bambo anatuluka.

"Ukutani pakhoma langa?"

"Lanu nokha?" anafunsa mayi, akubwera kudzagwira makwererowo. "Madzi oumbira njerwa zake ndinatunga ndine, ndili ndi pakati pa mwana yemweyu. Kwera iwe, ndagwira."

Masiku anayi ndinali pamwamba, mayi ali pansi, dzuwa likutiwotcha tonse. Ndinajambula amuna asanu ndi anayi ataima pamzere, aakulu kuposa mmene alili, maso onse ali kutsidya la msewu, manja ali m'mwamba, zala zili tambalala. Mkazi sindinajambulepo. Sindinawonjezere kanthu pa zimene ndinaona, ndiponso sindinachotse kanthu: epuloni ya magazi, kamtengo ka machesi, tayi ndi kacheukidwe kakuba kaja. Kumapeto kwa mzerewo ndinaika munthu wachikhumi ali pamakwerero, chipewa chothimbirira utoto kumutu, atafulatira.

Oyamba kubwera anali amayi a kumsika. Anaseka mpaka kugwirana m'mapewa, akutchula maina mmodzimmodzi. Kenako mkazi wa wogulitsa nyama anafika, mwana ali kumsana. Anayang'ana dzanja la mwamuna wake, n'kutsatira kumene likuloza mpaka kutsidya, pachifuwa chakuda chija. Kuseka kunatha. Kenako mayiyo anandifunsa ngati ndinaona ndi maso anga. Nditavomera anangogwedeza mutu n'kumapita. Zinandimvetsa chisoni, sindibisa, koma burashi sindinaisiye. Pofika Lachisanu khonde la bala linali pululu, ndipo amene ludzu linawakulira ankalowera khomo lakumbuyo.

Loweruka m'mawa, kutatsala masiku awiri kuti sukulu itsegulidwe, gulu la anthu linatipeza tikumwa tiyi. Patsogolo panali wapampando, pambuyo pake mwini bala, wogulitsa nyama ndi dalaivala, ndipo kumbuyo kwawo theka la msika linabwera kudzaonerera.

"A Penta, mwana uyu munamulera bwanji?" anayamba wapampando. "Ndani anamupatsa chilolezo chojambula nkhope yanga? Ine ndine munthu waulemu wanga m'dera lino. Ana a sukulu akundiloza! Mkazi wanga sakundilankhula!"

"Pepani bambo," ndinayankha ine, poona kuti bambo akusowa poyambira. "Koma ndi utoto chabe. Amuna ovala tayi ndi ambiri padziko pano."

Amayi a kumsika anaphulika ndi kuseka.

"Usandiyankhe mwachipongwe, mtsikana iwe! Nkhope ya munthu si chinthu choseweretsa. Sungangoitenga n'kuipachika pamsewu mwini wake osadziwa."

"Bwerezani mawu amenewo, bambo wapampando, onse amve."

Amene analankhulawo anali achemwali. Kwa masabata awiri anali asanatuluke m'nyumba, koma apa anaima pakhomo atavala diresi yawo ya kuntchito, tsitsi atalimanga bwino.

"Ana akukulozani? Zimawawa eti? Ine andiloza mwezi wathunthu. Inu mwajambulidwa mukuchita zimene munachitadi. Ine ndinajambulidwa ndikuchita zimene sindinachitepo chibadwire, ndiye kalata munalembera ine. Simunalembere wojambula, simunalembere mwini khoma, simunalembere manja amene adetsa chifuwa chija, poti limodzi mwa manjawo ndi lomwe linasayina kalatayo. Anyani amasekana zikundu, bambo."

"Madamu, tiyeni tikambirane m'nyumba ngati anthu akuluakulu."

"Kalata yanu munawerengera makolo onse pamsonkhano. Yankho langa mulimvera pomwe pano. Lolemba ndikubwera kudzaphunzitsa ana anga. Nkhope yanu ichoka pakhoma ili tsiku limene yanga ichoke pakhoma ilo. Mng'ono wanga wapaka wamafuta, ndiye musadalire mvula."

"Zamkutu!" anakuwa mwini bala. "Khoma langa silikhudzidwa. A Penta, fufutani zonyansazi lero lomwe, apo ayi muiwale za mabala anga awiri aja. Ndipo ndiuza anzanga onse a mashopu kuti kwa inu kulibe chinsinsi."

"Achimwene, lolani afufute kwanuko," anatero wogulitsa nyama motsitsa mawu. "Ine masiku atatu tsopano ndikudya kumsika. Chaona mnzako chapita, mawa mtsikanayu ajambula inu."

"Zoona," anavomereza dalaivala, atachotsa kamtengo kukamwa. "Okwera minibasi akumandifunsa ngati dzanja langa lili pachiwongolero. Mowa tinkamwa chithunzicho chisanabwere."

Wapampando anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi.

"Kalata ija tiiona bwino," anatero. "Mwina komiti inafulumira."

"Musaione bwino, muing'ambe," anatero mayi. "Ili apa." Anaitulutsa m'thumba la diresi n'kumupatsa m'manja, ndipo anthu onse akuyang'ana, wapampando anaing'amba pakati.

Mwini bala anaona kuti amene amadzaza mipando yake ndi omwe amutembenukira. Analavula malovu pansi.

"Chitani zimene mukufuna. Koma a Penta, mukangokhudza khoma langa, ine ndi inu tathana."

Maso onse anapita kwa bambo. Iwo sankayang'ana munthu aliyense. Anali ataima kumapeto kwa khoma la shopu, pamaso pa munthu wachikhumi uja. Masiku onsewa ankadutsa pamenepo atazolika, ndipo ndikhulupirira kuti aka kanali koyamba kumuyang'anitsitsa.

"Ngakhale ine, chitsiriza?" anafunsa chapansipansi.

"Nkhope yanu sindinaione, bambo. Munatifulatira."

Anavula chipewa chawo, nachiyang'ana, nachivalanso. Kenako analowa m'shopu. Anthu anayamba kunong'onezana kuti athawa, ndipo ine ndinaganiza kuti atuluka ndi ndowa yodzafufutira zanga. Anatuluka ndi chitini chachikulu cha utoto woyera ndi burashi yaikulu. Anachitsegula pamaso panga, fungo la mafuta n'kundilasa m'mphuno. Anakoleka makwerero paphewa n'kuwoloka msewu, ife tonse tili pambuyo.

Anayambira kumapazi. Miyendo inapita, kasiketi kanapita, botolo linapita. Pachifuwa anabwerezapo katatu chifukwa litsiro la manja linkatulukirabe. Mwini bala analowa mkati n'kumenyetsa chitseko. Bambo anakwera masitepe ena awiri, nafika pankhope, ndipo pamenepo dzanja linaima. Utoto unayamba kudontha kuchokera paburashi n'kumagwera pansapato zawo.

"Mayi a ana," anaitana osayang'ana pansi. "Umu ndi mmene munalili tsiku limene ndinakuonani koyamba. Ndikafufuta apa, sindikudziwa ngati nditsala ndi china chojambula."

Ndinaona achemwali akuluma mlomo, ndipo kwa kanthawi ndinaopa kuti mayi afewa. Iwo anayandikira, nagwira makwererowo ndi manja awiri kuti asagwedezeke.

"Tsiku limenelo ndikulikumbuka, bambo a ana," anatero. "Ndinali nditavala."

Bambo anaviika burashi m'chitini n'kuidutsitsa pamaso paja.

Madzulo ake ndinasunga pangano la achemwali, ndinafufuta amuna anga onse khumi. Lolemba m'mawa achemwali anatuluka ndi mabuku awo m'manja, ndipo sanazembere njira yakuseri. Anadutsa pakati penipeni pa msewu, mutu uli m'mwamba. Pakhonde la bala panali amuna atatu, ndipo mmodzi yekha ndi amene analimba mtima kulankhula.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?"

"Ndadzuka bwino," anayankha achemwali osaima. "Ana anu afike msanga, lero tikuyamba ndi masamu."